Intaneti ya m'nthambo za magetsi: chimene chimaichedwetsa ndi mmene akatswiri amaiwonjezerera liwiro

M'masitolo a zamakompyuta mumapezeka katoni yokhala ndi tizipangizo tiwiri, kalikonse kosaposa chikhatho, yolembedwa kuti AV600, AV1200 kapena AV2000, manambala olonjeza liwiro lake. Kamodzi mumakalowetsa pa soketi ya pabalaza n'kukalumikiza ku rauta, kenako mumatenga kachiwiri n'kukalowetsa kuchipinda chakutali kumene Wi-Fi safika chifukwa cha makoma a njerwa. Palibe waya watsopano amene wayalidwa. Uthenga ukuyenda m'nthambo zomwe zija zimene zimabweretsa moto wa ketulo ndi firiji. Luso limeneli limatchedwa powerline communication, mwachidule PLC, ndipo tizipangizoto anthu amangoti ma adaputa a powerline.

Wogula akayeza liwiro, kawirikawiri amapeza kuti silikufika ngakhale theka la nambala ya pakatoni ija, ndipo la madzulo limasiyana ndi la m'mawa. Gwero la zonsezi ndi waya weniweniyo. Nthambo za magetsi sizinapangidwe kuti zizinyamula uthenga, ndipo pafupifupi chilichonse chimene akatswiri achita pa zaka makumi awiri ndi mphambu zapitazi chakhala chofuna kuphunzitsa makina kumudziwa bwino waya amene apatsidwa, mphindi ndi mphindi, n'kudutsa pamene pali podutsika.

Mmene uthenga umakwerera pa waya wamoto

Magetsi a m'nyumba kuno kwathu, monganso ku Britain ndi m'maiko a ku Ulaya, ndi a 230 V, ndipo mafunde ake amagunda ka 50 pa sekondi. Imeneyi ndiyo 50 Hz ija imalembedwa kunsi kwa ayironi. Ku America ndi 120 V ndi 60 Hz. Pamwamba pa mafunde oyenda pang'onopang'onowa, adaputa imaikapo mafunde ena ang'onoang'ono othamanga kwambiri, kuyambira cha pa 2 MHz mpaka 30 MHz, ndipo zipangizo zatsopano zimafika pa 86 MHz. MHz imodzi ndi kugunda ka miliyoni imodzi pa sekondi.

Popeza mitundu iwiriyi yatalikirana chotere, kuilekanitsa sikuvuta. Imagwira ntchitoyi ndi capacitor, kachipangizo kokaniza mafunde oyenda pang'onopang'ono koma kolola othamanga kudutsa. Ya 10 nF imatsekereza mafunde a 50 Hz ndi ma ohm, muyeso wa kukaniza magetsi, pafupifupi 318,000, koma kwa mafunde a 10 MHz imakhala khomo lotsegula, ma ohm osakwana awiri. Kuseri kwake kumakhala kathiransifoma kakang'ono ka ferrite kolekanitsa chip ndi moto, komanso ma diode ndi varistor omeza mphamvu yobwera modzidzimutsa, monga ya mphenzi. Kukweza uthenga pa waya ndiko kumeneku, ndipo ndi mbali yophweka. Mavuto amayamba uthengawo ukangouyamba ulendo.

Waya wa netiweki, uja wa Cat5e kapena Cat6, ali ndi timawaya topotana tiwiritiwiri, amalumikiza zinthu ziwiri zokha, ndipo impedance yake, kutanthauza mmene amakanizira mafunde odutsa, ndi ma ohm 100 kuchokera pachiyambi mpaka pamapeto. Nthambo za m'nyumba zimachoka pa bokosi la ma breaker n'kugawikana ngati nthambi za mtengo. Nthambi ina imathera pa firiji, ina pa giza, ina pa soketi imene palibe chalowetsedwapo. M'nyumba zowayidwa motsatira njira ya ku Britain, masoketi amakhala pa mzere wozungulira wotchedwa ring, choncho uthenga umafika pa soketi iliyonse kudzera mbali ziwiri. Impedance ya zonsezi imatha kukhala ma ohm ochepa chabe pa frequency ina, kutanthauza kagundidwe ka mafunde pa sekondi, mazana angapo pa ina.

Paliponse pamene impedance yasintha, gawo la mafunde limabwerera m'mbuyo. Zili ngati kulankhula m'tchalitchi chachikulu mopanda anthu: womvera amamva mawu anu komanso obwerera kuchokera kumakoma, ena mochedwerapo kuposa anzake. Pa ma frequency ena mafunde obwererawa amathandizana ndi oyamba aja, pa ena amafafanizana mpaka uthenga kuzimiririka. Mafunde a 30 MHz ndi otalika mamita 10 mumlengalenga, ndipo m'waya wokutidwa ndi PVC amafupika kufika pa mamita 6 kapena 7. Kanthambi kothera pa soketi yopanda kanthu, kakakhala kotalika gawo limodzi la magawo anayi a utali umenewu, mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, kamasanduka dzenje lomeza frequency imeneyo. N'chifukwa chake masoketi awiri a m'chipinda chimodzi amatha kupereka liwiro losiyana kwambiri. Ndipo wina akangolowetsa ayironi pa soketi ija, maenje onse amasamukira pena.

Pamwamba pa izi pali phokoso. Mu 2002 Manfred Zimmermann ndi Klaus Dostert a pa yunivesite ya Karlsruhe ku Germany anagawa phokoso la m'nthambo m'mitundu isanu, ndipo kagawidwe kawo ndi kamene akatswiri ambiri amatsatirabe. Pali phokoso la pansipansi losatha, lochokera ku zipangizo zonse pamodzi. Pali la mawailesi a shortwave, amene mafunde awo amakodwa ndi nthambo ngati eriyo, ndipo limakula dzuwa likalowa. Mitundu itatu yotsalayo ndi yophulika ngati mbuliwuli, ndipo ndiyo yowononga kwambiri. Tchaja ya foni, ya laputopu ndi babu la LED zimadula magetsi timagawotimagawo maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi, ndipo zikakhala zotchipa, zopanda sefa yabwino, phokoso la kudulaku limabwerera m'nthambo. Ma diode a m'zipangizo zomwezi amatsegula pokhapokha funde la 50 Hz likafika pamwamba penipeni, choncho phokoso lake limabwera ka 100 pa sekondi, moyenderana ndi magetsi. Ndiye pali losadziwika nthawi yake: switchi ikathetheka, thermostat ya firiji ikadula, drill kapena makina oumitsira tsitsi akayatsidwa.

Kugawa msewu kukhala tinjira

Makampani a magetsi anayamba kutumiza mauthenga pa nthambo zawo zikuluzikulu m'zaka za m'ma 1920. M'nyumba, njira yoyamba kufala inali X10, yopangidwa mu 1975 ndi kampani ya Pico Electronics ku Glenrothes, m'dziko la Scotland. Inkatumiza kafunde ka 120 kHz nthawi imene magetsi akudutsa pa ziro, bit imodzi, kachidutswa kochepetsetsa ka uthenga, ulendo uliwonse. Zinali zokwanira kuyatsa ndi kuzimitsa nyale, basi. Liwiro lenileni linabwera ndi njira yotchedwa OFDM. Muyezo wa ma adaputa wotchedwa HomePlug 1.0 wa mu 2001 unafika pa 14 Mbps (ma bit 14 miliyoni pa sekondi), ndipo HomePlug AV ya mu 2005 inafika pa 200 Mbps.

Nzeru ya OFDM ndi iyi. Mukasenzetsa katundu yense lole imodzi pa msewu wa maenje, loleyo ikatitimira ndiye kuti zonse zaima. Koma mukagawira katunduyo akabaza mazanamazana, aliyense kanjira kake, wodutsa posalala mum'senzetse wambiri, wodutsa pamatope mum'patse wochepa, ndipo kanjira koduka mungokasiya. HomePlug AV imagawa danga la pakati pa 1.8 ndi 30 MHz kukhala tinjira 1,155, totalikirana 24.4 kHz. Ena mwa malowa ndi a mawailesi, choncho totsala togwiritsidwa ntchito ku North America ndi 917. Kanjira kalikonse kamanyamula bit imodzi kapena ziwiri pakakhala poipa, mpaka ma bit 10 pakakhala poyera, pogwiritsa ntchito njira yosenzetsa ma bit pa mafunde yotchedwa 1024-QAM.

Amene amasankha kuchuluka kwa katundu wa kanjira kalikonse ndi wolandira. Wotumiza amayamba ndi uthenga woyesera umene onse awiri akuudziwa kale. Wolandira amayeza kuti pa kanjira kalikonse uthenga waposa phokoso ndi mlingo wanji, n'kubweza ndandanda yotchedwa tone map. Lamulo lake ndi lakuti uthenga ukaposa phokoso ndi 3 dB ina, kutanthauza kuwirikiza mphamvu kawiri, kanjirako kangathe kunyamula bit ina imodzi. Ndandandayi imakonzedwanso nthawi iliyonse zinthu zikasintha, ndipo ya ulendo wopita imasiyana ndi ya ulendo wobwerera, chifukwa phokoso limene limavuta ndi limene lili pafupi ndi wolandira.

Apa tingathe kuona kumene 200 ija ikuchokera. Tinjira 917 tikanyamula ma bit 10 kalikonse, ndiye kuti ndi ma bit 9,170 pa ulendo umodzi. Ulendo umodzi umatenga ma microsecond 40.96, kuwonjezerapo kampata ka ma microsecond 5.56 kodikira kuti mafunde obwerera aja athe kaye, pamodzi 46.52. Mukagawa 9,170 ndi 46.52 mupeza 197 Mbps. Pamenepo tachita ngati kanjira kalikonse n'koyera, zimene sizichitika m'nyumba yokhalamo anthu. Tikachotsapo ma bit okonzera zolakwika, pamatsala pafupifupi 150. Tikachotsanso mitu ya mapaketi, mayankho otsimikiza kuti uthenga wafika, ndi nthawi yodikirana, zimatsikanso. Onjezani mfundo yakuti waya ndi mmodzi: ma adaputa amalankhula mosinthana, wina akamatumiza ena onse amakhala chete. Adaputa yachitatu ndi yachinayi zimagawana liwiro lomwelo.

Njira ina, imene ndimaiona kuti ndi yanzeru kwambiri pa zonsezi, ndi yogwiritsa ntchito chizolowezi cha phokoso. Popeza phokoso lambiri limayenderana ndi funde la magetsi, HomePlug AV imawerengera nthawi yake potsatira fundelo. Adaputa imodzi imasankhidwa kukhala kapitawo, ndipo imaulutsa chizindikiro pakatha mafunde awiri alionse, ma millisecond 40 kwa ife a 50 Hz. M'kati mwa nthawi imeneyi, wolandira amatha kupereka ma tone map angapo: ina yosenza wambiri ya pamene funde lili pafupi ndi ziro ndipo matchaja ali duu, ina yosamala ya pamene funde lili pamwamba. Popanda izi, makina akanamayenda nthawi yonse pa liwiro la mphindi yoipitsitsa.

Phokoso lobwera mosayembekezereka silingazembedwe, choncho amalikonzekera. Uthenga umawonjezeredwa ma bit othandiza kubwezeretsa zimene zawonongeka, ma turbo code mu HomePlug AV ndi LDPC mu G.hn, muyezo wina wa ma adaputa. Ma bit oyandikana amamwazidwa pa tinjira tosiyanasiyana kuti kuphulika kumodzi kusawapsereze onse pamodzi. Paketi imadulidwa zigawo za ma byte 512, ndipo chigawo chimodzi chikawonongeka amatumizanso chokhacho. Zikafika poipa kwambiri pali njira ya ROBO, imene imabwereza uthenga womwewo pa tinjira tingapo n'kumayenda pakati pa 4 ndi 10 Mbps.

Bwanji osangowonjezera mphamvu?

Funso limeneli aliyense amafunsa. Yankho lake ndi lakuti nthambo za magetsi zilibe chophimba ndipo sizopotana, choncho gawo la mafunde limathawira mumlengalenga. Danga la 2 mpaka 30 MHz lili ndi eni ake: mawailesi a shortwave, ndege ndi zombo zoyenda maulendo ataliatali, ndi anthu a amateur radio, amene amamvetsera mauthenga ofooka kwambiri ochokera kutsidya la nyanja. Adaputa yofuula ingawatseke makutu onsewa. N'chifukwa chake tinjira togwera m'malo a amateur radio timatsekedweratu kufakitale. Ku Ulaya, muyezo wa EN 50561-1 wa mu 2013 unawonjezera kuti adaputa izimvetsera yokha: ikazindikira wailesi ya shortwave imene ikumveka pamalopo, itseke tinjira ta pamenepo, ndipo mnzake akakhala pafupi ichepetse mphamvu.

Njira yachiwiri ndi kukulitsa danga. HomePlug AV2 ya mu 2012 inafika pa 86 MHz, n'kuima pamenepo chifukwa mawailesi a FM amayambira pa 87.5 MHz. Inabweretsanso 4096-QAM, ma bit 12 pa kanjira kamodzi. Koma kupitirira 30 MHz, mphamvu yololedwa ndi yochepa ndi pafupifupi 30 dB, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000, ndipo waya amameza mafunde apamwamba msanga kuposa apansi. Tinjira tatsopanoti timathandiza ma adaputa akayandikana. Pa mtunda wautali timakhala tilipo koma topanda katundu.

Chimene chinathandiza kwenikweni masoketi ovuta ndi MIMO. Soketi ya mano atatu ili ndi mawaya atatu: live, neutral ndi earth. Ma adaputa akale ankatumiza pakati pa live ndi neutral pokha. A MIMO amatumiza mauthenga awiri osiyana nthawi imodzi pa mapeya awiri, mwachitsanzo live ndi neutral komanso live ndi earth. Mauthengawa amasakanikirana m'njira, koma wolandira amakhala atayeza kale mmene asakanikirana, choncho amawalekanitsa ndi masamu. Phindu lake lili pawiri. Njira zonse zikakhala zabwino, liwiro limayandikira kuwirikiza. Ina ikakhala ndi dzenje pa frequency inayake, nthawi zambiri inzake imakhala ilibe pomwepo, ndiye uthenga umapezabe podutsa. Koma zonsezi zimadalira waya wa earth wolumikizidwa bwino kuchokera pa soketi mpaka pa bokosi la ma breaker. M'nyumba imene mmisiri anausiya lende, adaputa ya AV1200 imabwerera kukhala ya njira imodzi, ndipo mwiniwake sadziwa.

Pa nkhani ya miyezo pali magulu awiri. IEEE 1901 ya mu 2010 inatenga luso la HomePlug AV pamodzi ndi la HD-PLC la kampani ya Panasonic. Bungwe la ITU linatulutsa G.hn mu 2009 ndi 2010, yogwira pa nthambo za magetsi, za telefoni ndi za coax, ndipo MIMO yake ili mu G.9963. Bungwe la HomePlug linasiya ntchito mu 2016 ngakhale zipangizo zake zikugulitsidwabe. Adaputa ya G.hn ndi ya HomePlug sizimvana. Zikakhala pa nthambo imodzi zimalandana malo.

Kunja kwa mpanda

Panali nthawi imene anthu ankakhulupirira kuti makampani a magetsi ndiwo adzafikitse intaneti pakhomo lililonse, popeza nthambo zawo zinali zitafika kale. Nor.Web, mgwirizano wa Nortel ndi United Utilities, inayesa ku Manchester kuyambira 1997 n'kutseka mu 1999. Mzinda wa Manassas ku Virginia unafalitsa intaneti yotere mumzinda wonse cha mu 2005 n'kuithetsa mu 2010. Zifukwa zake zimafanana kulikonse. Thiransifoma imameza mafunde a MHz, choncho iliyonse imafuna chipangizo cholambalalitsa uthenga, ndipo ku America, kumene thiransifoma imodzi imadyetsa nyumba zochepa, mtengo wake unali wosapiririka. Pamafunikanso zobwereza uthenga pa mamita mazana angapo alionse. Nthambo za pamapolo ndi eriyo yaitali makilomita, ndipo bungwe la ARRL la anthu a amateur radio linatengera FCC, bungwe la boma la America loyang'anira mafunde a wailesi, kukhoti pa malamulo ake a mu 2004. Mu 2008 khoti linalamula FCC kuti iwunikenso mbali ina ya malamulowo. Nthawi yonseyi DSL (intaneti ya pa waya wa telefoni), fibre ndi intaneti ya pafoni zinali zikutsika mtengo.

Apa pali posokoneza. Mukamva kuti kampani ya magetsi, monga ESCOM, ili ndi intaneti pa nthambo zake, imeneyo ndi fibre: ulusi wagalasi wonyamula kuwala, woikidwa m'kati mwa waya wa pamwamba penipeni wotchinjiriza mphenzi kapena womangiriridwa pa mapolo. Amangobwereka mapolo ndi nsanja. Uthenga suyenda m'waya wa moto ayi.

Kumene PLC yakhazikika kunja kwa nyumba ndi kumene liwiro silofunika. Pansi pa 500 kHz mafunde amayenda mtunda wautali ndipo sasokoneza shortwave. Ku Ulaya makampani a magetsi anapatsidwa danga la 3 mpaka 95 kHz. Enel ya ku Italy inayamba mu 2001 kuika mamita a magetsi pafupifupi 30 miliyoni owerengedwa kudzera m'nthambo. Ku France mamita a Linky, pafupifupi 35 miliyoni, amalankhula ndi chipangizo cha pa thiransifoma, ambiri mwa iwo pa muyezo wa G3-PLC, ndipo ku Spain anatsata muyezo wa PRIME. Luso lomweli ena ali nalo m'nyumba osadziwa. Mamita ena a prepaid amaikidwa pa polo, m'nyumba n'kungotsala kabokosi kolowetsera manambala a mayunitsi. Ngati kabokosiko kali ndi pulagi ya pa soketi, nthawi zambiri ndiye kuti kamalankhula ndi mita kudzera m'nthambo. Kakamakana tokeni, kalowetseni pa soketi ya pakhoma yoyatsa, onani mabatire ake, ndipo zimitsani inveta ndi matchaja apafupi. Galimoto zamagetsi za pulagi ya CCS nazo zimakambirana ndi tchaja yake pogwiritsa ntchito HomePlug Green PHY.

Zoyenera kuchita m'nyumba

Musanagule, onani khomo la Ethernet la adaputayo. Zambiri zolembedwa AV500 kapena AV600 zili ndi khomo la 100 Mbps, choncho sizingapitirire pafupifupi 94 Mbps ngakhale nthambo zitakhala zabwino chotani. Sankhani ya gigabit, ya MIMO, ya mano atatu achitsulo, ndipo zonse zikhale za banja limodzi.

Ilowetseni pa soketi ya pakhoma mwachindunji. Ekisitenshoni yokhala ndi chitetezo cha mphenzi, stabilizer ndi UPS zimakhala ndi sefa yochotsa phokoso, ndipo kwa sefayo uthenga wanu ndi phokoso. Capacitor ya 100 nF yoikidwa pakati pa live ndi neutral ili ndi ma ohm 0.16 okha pa 10 MHz, ndiye kuti uthenga umathera pomwepo. Ngati soketi ndi imodzi, gulani adaputa yokhala ndi soketi yakeyake kutsogolo. Soketi imeneyo ili ndi sefa yoyang'ana mbali yoyenera, choncho TV, dikoda ndi matchaja zilowe kudzera pamenepo.

Kuyeza kwabwino kumafuna makompyuta awiri, iliyonse yolumikizidwa ndi waya ku adaputa yake, Wi-Fi atazimitsidwa. Ikani pa onse awiri pulogalamu yoyezera liwiro yotchedwa iperf3, ndipo pa yoyamba lembani iperf3 -s, pa yachiwiri iperf3 -c kenako adiresi ya yoyamba ija ndi -t 30. Bwerezani mutawonjezera -R kuti muyeze ulendo wobwerera. Kuyeza ndi mawebusaiti a speed test kumasokeretsa, chifukwa mumakhala mukuyeza intaneti ya kampani imene mumalipira. Yambani ma adaputa onse ali pa masoketi oyandikana kuti mudziwe malire a zipangizozo, kenako mupite nayo imodzi kumene mukuifuna, n'kuyesa soketi iliyonse ya chipindacho. Yezani m'mawa ndi madzulo. Pulogalamu ya kampani yopanga adaputa imaonetsa liwiro la pa waya lisanachotsedwe kanthu. Limene mungagwiritse ntchito limakhala theka la nambalayo kapena kucheperapo.

Liwiro likatsika madzulo okha, wolakwa ndi chipangizo chimene chimayatsidwa madzulo. Siyani iperf3 ikuyenda ndipo muzizula zinthu chimodzichimodzi, kuyambira zapafupi ndi adaputa yolandira. Kawirikawiri mupeza tchaja yotchipa, babu la LED kapena dimmer. Ngati ulendo wopita uli bwino koma wobwerera n'ngoipa, fufuzani mbali imene ikulandira pa ulendo woipawo.

Liwiro likakhala lotsika nthawi zonse, vuto lili m'njira. Uthenga wochoka pa breaker ina kupita pa ina umadutsa m'bokosi, ndipo breaker iliyonse, makamaka ya earth leakage, imadyako pang'ono. Nyumba ya three phase ndiye imavuta kwambiri: masoketi awiri akakhala pa ma phase osiyana, uthenga umangolumpha pamene mawaya ayandikana, utafooka. Mankhwala ake ndi phase coupler yoikidwa m'bokosi la ma breaker, kapena kusamutsira masoketi onse awiri pa phase imodzi. Ntchito imeneyi ndi ya mmisiri wa chiphaso, pakuti m'bokosimo muli 400 V pakati pa ma phase. Mmisiri yemweyo ayeze earth, amange zomangira zokhwefuka, ndipo achotse majoini ongopota n'kukulunga tepi. Joini yokhwefuka kapena yadzimbiri imathetheka, ndipo kupatula kuwononga uthenga, ndi imene imayambitsa moto padenga.

Nyumba za sola ndi inveta zili ndi vuto lakelake. Masoketi ofunikira amadyetsedwa kudzera mu inveta, otsalawo amakhala pa magetsi a kampani. Inveta ili ndi sefa kumene moto umalowera ndi kumene umatulukira, choncho adaputa imodzi ikakhala mbali ino, inzake mbali inayo, zimamvana movutikira kapena osamvana n'komwe. Ziikeni zonse mbali imodzi. Inveta ya modified sine wave, imene funde lake limakwera ngati masitepe, imatulutsa phokoso lochuluka moti PLC siidalirika pamenepo. Kumbukiraninso kuti adaputa imadya moto wa pa soketi yomweyo. Magetsi akazima, rauta ya pa kabatire ipitiriza kugwira ntchito koma powerline idzakhala itazima.

Uthenga sumaima pa mita nthawi zonse. M'mafulati ndi m'nyumba zogundizana za pa phase imodzi umatha kufika kwa aneba. HomePlug AV imabisa uthenga ndi AES ya ma bit 128, koma ma adaputa ambiri amachoka kufakitale ndi mawu achinsinsi ofanana, akuti HomePlugAV, moti a nyumba ziwiri amatha kulumikizana okha. Dinani batani la pair pa yoyamba, kenako pa yachiwiri pasanathe mphindi ziwiri, kuti zipange kiyi yawoyawo. Kiyiyo imateteza chinsinsi chokha. Ngati aneba ali ndi ma adaputa awo, mudzagawanabe nawo nthawi ya pa waya. Amene intaneti yawo imabwera pa waya wa telefoni wa VDSL2, monga m'nyumba zambiri ku Britain, atalikitse waya wa telefoniyo ndi nthambo za magetsi, chifukwa VDSL2 imagwiritsa ntchito ma frequency ofika pa 17 MHz kapena 35 MHz, momwemo mmene mukudutsa powerline.

Opanga ma adaputa amalemba kuti amafika mamita 300, koma amenewo ndi mamita a waya, amene amakwera padenga, kupita ku bokosi la ma breaker n'kubwereranso. Mukayesa masoketi onse, mwachotsa zaphokoso, earth ili bwino, koma liwiro silikukwanabe ntchito yanu, yalani Cat6, amene amanyamula 1 Gbps mbali zonse ziwiri nthawi imodzi mpaka mamita 100. Pakati pa nyumba yaikulu ndi boys' quarters kapena ofesi yokhala ndi mita ndi earth yakeyake, ikani fibre yokhala ndi media converter mbali iliyonse, chifukwa waya wa kopa woyalidwa panja umatha kutenga mphamvu ya mphenzi n'kukapsereza zipangizo za nyumba zonse ziwiri.